Boma Likalakwa, Tikadandaule kwa Yani?

Mbuzi ya mnansi ikalowa m'munda mwathu ndi kudya cimanga, tidziwa kopita. Tipita kwa anyakwawa. Mwamuna ndi mkazi akayambana, aitana ankhoswe. Wakuba akagwidwa ndi thumba la mbatata ya kacewere pa msika, apita naye kupolisi. Pa milandu yonseyi pali munthu wacitatu, wosakhala mwini mlandu, amene amva mbali zonse ziwiri.

Koma pali mlandu wina umene utisowetsa kolowera. Wolakwa akakhala mwini ofesi, tidandaule kwa yani? Tiyerekeze mai wamasiye amene wayenda kanai kukafunsa za penshoni ya malemu amuna ake, ndipo ulendo uliwonse amuuza kuti, "Mai, bwerani mawa." Tiyerekeze mnyamata amene wakhala m'ndende miyezi yambiri osaonekera pamaso pa woweruza. Tiyerekeze banja limene laona alendo akukhoma zikhomo m'dimba mwao, alendowo ali ndi pepala lodindidwa, koma mudzi sunafunsidwe. Kaya ndi ku Tsangano kaya ndi ku Macanga, nkhani zotere sizacilendo. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kodi tsono tingokhala cete? Lero tiyeni tilingalire pamodzi za funso limeneli.

Kale mfumu inali ndi oiyang'ana

Makolo athu sanasiye mfumu kuti idzilamulire yokha. Poilonga ufumu, akuluakulu ndi anamkungwi anali kuilangiza pamaso pa anthu: isakondere abale, isanyoze amasiye, isamane mlendo madzi. Mbumba, imene inabala mfumuyo, inali ndi mau pa kusankhidwa kwake. Nduna zinali kukhala nayo pabwalo, ndipo mlandu unali kukambidwa poyera, aliyense akumva. Amai nawonso anali ndi njira yao: posinja pa mtondo anali kuimba madandaulo ao, mudzi wonse ndi kumva. Mfumu yankhanza ikapitiriza nkhanza zake, anthu anali kusamuka usiku, ndipo inali kutsala ndi mabwinja.

Sitinena kuti kale zonse zinali zokoma ai. Nkhondo, ukapolo ndi mwabvi zinalipo. Koma nzeru iyi inalipo: wokhala pa mpando afunika maso ena omuyang'ana.

M'nthawi ya Apwitikizi nzeruyi inaponderezedwa. Bwana wa pa boma anali wokhometsa msonkho, wolemba anthu a cibalo, ndiponso woweruza. Munthu womenyedwa ndi asipayi akapita kukadandaula, anali kupeza kuti amene akumva mlandu ndi yemweyo amene anatuma asipayiwo. Mathero ake anali mbalamatodya. Malamulo amene anaika anthu akuda pansi pa ulamuliro wotere anathetsedwa pa pepala mu 1961, ndipo ufulu unadza pa 25 Juni 1975. Koma mantha satha tsiku limodzi. Agogo anaphunzitsa ana ao kuti pa ofesi ubvule cipewa, uyang'ane pansi, uyankhe kuti inde. Anacita zimenezi pofuna kupulumutsa anawo. Mantha amenewo akali m'mitima ya ambiri kufikira lero.

Ndipo ufulu wokha sunathetse kulakwa kwa a m'maofesi. Pa 5 Novembala 1981 Pulezidenti Samora Machel anadzudzula poyera apolisi ndi asilikali amene anali kumanga ndi kuzunza anthu popanda lamulo. Ici citiphunzitsa kuti munthu wakwathu, wolankhula cinenero cathu, nayenso akhoza kulakwa akakhala ndi mphamvu.

Kodi kudandaula ndi mwano?

Ena ati, "Boma ndi kholo. Mwana sasumira kholo lake." Mau awa ali ndi cabwino cake, pakuti ulemu ndiwo umanga mudzi. Koma tiwayese bwino. Kholo lidyetsa mwana ndi thukuta lake. Nanga wa mu ofesi adya thukuta la yani? Malipiro ake acokera ku misonkho. Msonkho uli pa njinga imene tigula. Uli pa citupa cimene tilipira pogulitsa tirigu kapena nyemba pa msika. Mpando umene akhalapo si wa kwa amai ake. Ndi wa anthu onse, ndipo iye anangobwerekedwa. Munthu akabwereka khasu lako, kodi ndi mwano kumfunsa m'mene akuligwiritsira nchito?

Malamulo akulu a dziko la Mozambique a caka ca 2004 ayankha funsoli. Ndime 79 ipatsa nzika iliyonse ufulu wopereka pempho kapena dandaulo kwa olamulira, kuti cimene inalandidwa cibwezedwe, kapena pofuna ubwino wa anthu onse. Ndime 80 ilola nzika kukana kumvera lamulo la pakamwa limene liphwanya malamulo. Motero wodandaula saukira boma. Acita cimene malamulo a boma lomwelo amlola.

Ndiponso kukhala cete kuli ndi mtengo wake. Mai wamasiye uja akaleka kuyenda, wa mu ofesi aphunzira kuti kucedwetsa anthu kulibe mlandu. Mawa acedwetsa wina. Wakhala cete sadzipweteka yekha, apwetekanso amene ali pambuyo pake pa mzere.

Madandaulo akasowa khomo, afuna njira ina. Ku Moatize mabanja oposa 700 anasamutsidwa m'zaka za 2009 ndi 2010 kupita ku Cateme, kuti apereke malo ku mgodi wa malasha. Anadandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Ataona kuti sakuyankhidwa, mu Januwale 2012 anatseka njanji, ndipo apolisi anawabalalitsa mwamphamvu. M'caka comweco, mu Ogasiti, boma linakhazikitsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu. Madzi ukawachinga osawatsegulira ngalande, aphwanya mzere.

Munthu woikidwa kuti amve madandaulo

Maiko ambiri anaganiza za bvuto limeneli. Dziko la Sweden, ku Ulaya, mu 1809 linaika munthu wosankhidwa ndi nyumba ya malamulo kuti aziyang'ana ngati akuluakulu a boma atsata malamulo. M'cinenero cao anamucha Ombudsman, ndiye kuti woimirira ena. Mu Africa dziko la Tanzania ndilo linayamba, mu 1966. Zambia inatsatira mu 1973, Portugal mu 1975, ndipo Malawi inalemba udindowu m'malamulo ake akulu mu 1994.

Kuno kwathu munthu ameneyu achedwa Provedor de Justiça. M'cinenero cathu tingati Womva Madandaulo. Udindo wake unalembedwa m'malamulo akulu a 2004, ndipo lamulo la nambala 7 la caka ca 2006 linalongosola kagwiridwe kake ka nchito. Asankhidwa ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndipo akhala pa mpando zaka 5. Woyamba anali José Abudo, amene anasankhidwa mu 2012. Mu 2018 anasankhidwa Isaque Chande. Likulu la ofesiyi liri ku Maputo.

Nchito yake ndi iyi. Alandira madandaulo a nzika pa zimene maofesi a boma acita molakwa, kapena zimene aleka kucita. Maso ake afika ku maunduna, ku zigawo, ku maboma ang'ono monga athuwa, ku polisi ndi ku ndende, ku makampani a boma. Afufuza, aitanitsa mapepala, afunsa mafunso, ndipo malamulo akakamiza a m'maofesi kumthandiza pa kufufuzako. Akapeza colakwa, alembera ofesi yolakwayo malangizo okonzera cinthuco. Colakwa cikakhala cacikulu, adziwitsa Nyumba ya Malamulo ndi mkulu wa oimba milandu a boma. Caka ndi caka aimirira pamaso pa aphungu ndi kunena zimene waona. Akaona kuti lamulo lina litsutsana ndi malamulo akulu, akhoza kulitengera ku Conselho Constitucional, bwalo loyesa malamulo. Wodandaula salipira ndalama, safunika loya, ndipo akhoza kunena dandaulo lake ndi pakamwa kapena kulilemba.

Tidziwenso zimene sacita. Saweruza mlandu wa malire pakati pa anansi awiri. Umenewo ndi wa mafumu ndi mabwalo a m'midzi. Sasintha cigamulo ca woweruza. Samanga munthu. Kukangana kwa mlimi wa fodya wa ku Furancungo ndi wogula pa za mtengo si mlandu wake. Koma mlimiyo akakadandaula ku ofesi ya boma yoyenera, ofesiyo ndi kungokhala osayankha, kusayankhako ndiko mlandu wa Womva Madandaulo.

Mlonda wopanda ndodo

Apa wina afunsa: "Ngati samanga munthu, ngati salamula koma kulangiza cabe, phindu lake nciani? Kodi si galu wopanda mano?" Funsoli ndi lolemera, tisalithawe. A José Abudo eni ake anadandaula kangapo pamaso pa aphungu kuti maofesi ambiri sanali kuyankha malangizo ao. Cotero kufooka kulipodi.

Koma tiganize za nkhoswe. Nkhoswe iribe ndende, iribe mfuti. Nanga bwanji mwamuna wankhanza amva thukuta nkhoswe ikakhala pa mphasa? Ncifukwa cakuti zimene anacita mumdima zikanenedwa masana. Colakwa cambiri ca m'maofesi cikhala ndi moyo cifukwa ca mdima: pepala losowa, tsiku losalembedwa, ndalama yopanda risiti. Munthu amene ali ndi ufulu wotsegula kabati ndi kuwerenga mapepala, ndi kunena poyera zimene wapeza, ali ndi mphamvu ndithu, ngakhale alibe ndodo.

Palinso cifukwa cabwino cimene sanampatsire ndodo. Munthu mmodzi akakhala wolandira dandaulo, wofufuza, woweruza ndi womanga, ndiye kuti tabwerera kwa bwana wa pa boma wa nthawi ya cibalo. Tsono ameneyo adzamuyang'ana ndani? Ncifukwa cake nchito zinagawidwa: wina afufuza, wina aimba mlandu, wina aweruza. Mutu umodzi susenza denga.

Anansi athu atisonyeza kumene mphamvu ya mlonda wotere ifika, mabwalo ndi anthu akamgwira mkono. Ku Malawi, kutsidya kwa mseu wa ku Biri-Biri, boma linagula mathirakitala 177 ndi makina 144 otonola cimanga, ndi mbali ya ngongole ya madola 50 miliyoni yocokera ku India. Zinthuzo zinali za alimi ang'onoang'ono. Koma zambiri zinagulitsidwa mochipa kwa andale ndi akuluakulu a boma, ngongole ndi kutsalira anthu onse. Mu 2016 Ombudsman wa dzikolo, mai Martha Chizuma, anafufuza ndi kuulula nkhaniyi. Boma linakana, nkhani inapita ku mabwalo, ndipo mu 2019 bwalo lalikulu koposa linaima ndi maiwo. Akuluakulu a maunduna anakakamizidwa kupepesa kwa mtundu wonse. Ku South Africa, mai Thuli Madonsela anapeza mu 2014 kuti ndalama za boma zinakongoletsa mudzi wa Pulezidenti Jacob Zuma ku Nkandla. Mu 2016 bwalo la malamulo akulu linagamula kuti mau a maiwo ayenera kutsatidwa, ndipo a Zuma anabweza marandi 7.8 miliyoni.

M'maiko awiriwa malamulo apatsa udindowu mano akuthwa kuposa kwathu. Komabe phunziro liripo. Pepani sapoletsa cilonda, ndi zoona. Mathirakitala aja sanalime munda wa mlimi wosauka. Koma mkulu amene wapepesa pamaso pa dziko, ndi anzake amene anaona, adzaganiza kawiri asanagawane katundu wa anthu.

Nanga mlondayo amsankha ndani?

Funso lina ndi ili: kodi munthu wosankhidwa ndi andale angadzudzule andale? Olemba malamulo analiona bvutoli. Ncifukwa cake anati Womva Madandaulo asankhidwe ndi magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu. Aphungu alipo 250, ndiye kuti pafunika 167. Colinga cinali cakuti zipani zigwirizane pa munthu wokhulupirika kwa onse, monga ukwati ukhala ndi ankhoswe a kucimuna ndi a kucikazi.

Taonani zimene zinacitika. Pa cisankho ca 2004 Frelimo inapeza mipando 160, Renamo ndi anzake 90. Palibe amene anafika pa 167, ndipo sanagwirizane. Mpando unakhala wopanda munthu. Pa cisankho ca 2009 Frelimo inapeza mipando 191, ndipo mu 2012 munthu anasankhidwa. Onse awiri, a Abudo ndi a Chande, anali atakhalapo nduna za zacilungamo. Ena ati zimenezi ndi zabwino, pakuti wodziwa nyumba ndiye adziwa podontha. Ena ati wodya nawo m'mbale imodzi abvutika kuloza cala. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo.

Ife tinena kuti mlonda ayesedwe ndi nchito zake. Kodi alowa m'ndende ndi kunena zimene waona? Kodi achula maina a maofesi amene anyoza malangizo ake? Kodi dandaulo la mlimi wa ku Chidzolomondo alisamala monga la mphunzitsi wa mu mzinda? Tikamva lipoti lake pa wailesi, mafunso athu akhale amenewa. Woyang'anira enanso afunika kuyang'anidwa, ndipo omuyang'ana otsiriza ndife.

Wa mu ofesi woona mtima sayenera kuopa mlondayu. Alipo anamwino, aphunzitsi ndi alembi ambiri amene agwira nchito molimbika, nthawi zina opanda mapepala, opanda mafuta a njinga yamoto, malipiro atacedwa. Kufufuza koona kusiyanitsa waulesi ndi wosowa zipangizo, ndipo kuyeretsa dzina la wosalakwa. Ogwira nchito za boma nawonso apita kwa Womva Madandaulo akacotsedwa nchito mopanda cilungamo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mbali yathu

Kucoka ku Tete kufika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Sitingathamangire kumeneko pa kanthu kalikonse. Cilungamo ciyambira pafupi, ndipo makwerero ake ndi awa.

Coyamba, tifunse mwaulemu kwa mwini nchito, ndipo tifunse cifukwa. "Abambo, pepala langa laima pati? Ndibwere tsiku liti?" Caciwiri, tikapanda kuthandizidwa tipite kwa womuyang'anira: mkulu wa posto, kapena mkulu wa boma lathu. Kuyambira mu 2001 malamulo afuna kuti maofesi a boma akhale ndi buku lolembamo madandaulo, tiliitanitse. Cacitatu, pa nkhani ya womangidwa popanda mlandu kapena ya ciphuphu, pali oimba milandu a boma, a Procuradoria. Wosauka wofuna womuimira pa bwalo apite ku IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lithandize osowa ndalama. Makomo amenewa akatsekeka, kapena akacedwa kopitirira, Womva Madandaulo alipo.

Tidziwenso malamulo otiteteza. Lamulo la malo la 1997 linabvomereza kuti munda umene tiulima mwa mwambo wa makolo ndi wotetezedwa ngakhale tiribe pepala, kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi uwerengedwa, ndi kuti mudzi ufunsidwe malo asanaperekedwe kwa mlendo. Lamulo la 2014 linapatsa nzika ufulu wopempha kuona nkhani zimene maofesi a boma asunga. Wosadziwa ufulu wake aupempha ngati mphatso.

Dandaulo liyenda ndi miyendo iwiri: coona ndi umboni. Apa mpamene pensulo itithandiza. Tilembe tsiku limene tinapita ku ofesi, cimene tinapempha, ndi cimene anatiyankha. Tisunge risiti m'pulasitiki, kutali ndi ciswe. Popereka kalata, titsale ndi ina yofanana nayo, ndipo tipemphe kuti aidinde. "Ndinapita kambirimbiri" ndi mau ouluka. "Ndinapita pa 3 Meyi, pa 17 Meyi ndi pa 9 Juni" ndi mau okhala pansi. Bvuto likakhala la mudzi wonse, monga mjigo wolipiridwa koma wosakumbidwa, tilembe pamodzi ndi kusaina tonse. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Ndipo cilungamo cimene tifuna kwa ena cikhalenso mwa ife. Wonamizira mlembi cifukwa ca nsanje kapena cidani ca pa mowa aononga khomo limene anzake adzafuna kulowapo mawa. Wopereka nkhuku kapena ndalama ya "refresko" kuti adumphe mzere wagula malo a mai wamasiye uja, amene alibe nkhuku. Sangadandaule za ciphuphu m'mawa, iye atacidyetsa dzulo.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Boma likalakwa, kopita kulipo. Khomo lake ndi lopapatiza, njira ndi yaitali, ndipo yankho nthawi zina licedwa. Koma mlandu suola, makamaka wolembedwa. Womva Madandaulo sangamve cimene sicinanenedwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu anthu acita ciani mfumu ikaweruza mokondera?
2. Kusiyana kwa ulemu ndi mantha nkotani? Perekani zitsanzo.
3. Chulani zinthu ziwiri zimene Womva Madandaulo acita, ndi ziwiri zimene sacita.
4. Kodi nkwabwino kuti ampatse mphamvu yomanga anthu? Gawikanani pawiri, mukambirane.
5. Wopereka ciphuphu ndi wolandira, wolakwa kwambiri ndani? Cifukwa ciani?

Nchito yolemba

Lembani kalata yaifupi yodandaula. Muikemo dzina la mudzi wanu, tsiku, cimene cinacitika, ndi cimene mufuna kuti cikonzedwe. Muwerengere mnzanu, ndipo iye anene ngati wamva bwino.